Sanakutengeni ku sukulu ya udokotala: mudzayesenso liti?

Mndandanda wa osankhidwa ukatuluka dzina lanu mulibe, funso limabwera lokha usiku womwewo: nditumizenso chaka chamawa kapena ndiyambe ndadikira? Mwana amene wangomaliza Folomu 4 alibe zambiri zoti aganizire, chifukwa palibe amene akudikira malipiro ake. Inu nkhani yanu ndi ina. Muli kale pantchito. Mwina mukuphunzitsa pa CDSS ya ku Namwera, mwina ndinu kalaliki pa boma, mlangizi wa zaumoyo ku Makanjira, kapena mumasunga mabuku a ndalama pa loji ina ku Monkey Bay, ndipo mtima ukufuna udokotala. Chaka chilichonse chimene mwayesa pachabe chimakudyerani ndalama, tulo, komanso chikhulupiriro cha anthu a pakhomo panu.

Maganizo anga ndi akuti nthawi yobwerera siyendera kalendala ya yunivesite. Mubwerere pamene pali chinthu chooneka ndi maso chimene chasintha m'mapepala anu. Mukatumiza zomwe zija munatumiza chaka chatha, yankho lake mukulidziwa kale.

Choyamba, pezani chimene chinakugwetsani

Ambiri amadumpha pamenepa, poti kunena kuti "malo amapatsana okhaokha" n'kosavuta kusiyana ndi kutsegula fayilo. Ena mpaka lero amatchula kota, chonsecho boma linalengeza mu 2020 kuti kusankha ophunzira potengera maboma kwatha. Msodzi akabwera chimanjamanja sathamangira kubwerera pamadzi, amayamba wayala ukonde pamchenga kuti aone pamene pang'ambika. Tengani chilengezo cha chaka chimene munayesacho, tengani makope a zonse zimene munatumiza, mukhale pansi ndi cholembera. Pa mzere uliwonse wa zofunika lembani kuti ichi ndinali nacho, ichi ndinalibe. Mukatero mudzipeza muli m'gulu limodzi mwa magulu atatu.

Pali amene fomu yawo inali ndi chilema chabe. Risiti ya kubanki sinalowe, kope ya satifiketi inalibe chidindo, kalata ya magiredi ya ku koleji yakale inafika mochedwa, kapena dzina la pa satifiketi ya MSCE silikufanana ndi la pa chiphaso cha unzika. Vuto la mayinali kuno ku Mangochi si lachilendo, chifukwa dzina limodzi la Chiyao kapena la Chisilamu limatha kulembedwa mitundu itatu, malinga ndi khutu la mphunzitsi amene anakulembani ku pulayimale. Ngati chinakugwetsani n'chimenechi, palibe chodikira. Kalumbireni kalata kwa majisitireti yotsimikiza kuti mayinawo ndi a munthu mmodzi, sonkhanitsani zosowazo, chilengezo chikangotuluka mutumize.

Pali amene sanafike pa mlingo, mwachitsanzo phunziro lina lofunika analibe kirediti. Kwa awa, kutumizanso osakonza kanthu ndi kungopereka ndalama ya fomu ngati mphatso.

Gulu lachitatu ndilo lopweteka. Zonse zimene anatchula munali nazo, koma ena anakuposani. Ofuna udokotala ndi ambiri, malo ndi ochepa, ndipo kukwanitsa zofunika kumangokuikani pamzere. Anthu a m'gulu limeneli ndi amene amataya zaka zambiri, chifukwa amadziuza kuti "ndinatsala pang'ono" n'kumatumiza mapepala omwewo chaka ndi chaka, kudikira kuti mwayi udzawagwere. Koma chaka chilichonse MANEB imatulutsa ana atsopano okhala ndi magiredi owala, pamene anu ali pomwe paja.

Ngati nokha simukuona chimene chinavuta, lemberani ofesi yolembetsa ophunzira kalata yaifupi, yaulemu, yofunsa chimene chinasowa. Isakhale kalata yodandaula.

Kenako onani ngati munagogoda pa khomo loyenera

Sukulu ya boma ya udokotala ndi Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS, imene inapangidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine, yomwe inayamba mu 1991 ku Blantyre, ndi Kamuzu College of Nursing. Khomo lalikulu, la ana ochokera ku sekondale, limadzera ku NCHE, bungwe limene limayendetsa kasankhidwe ka ophunzira m'mayunivesite a boma, ndipo kumeneko amayang'ana zotsatira za MSCE za zaka zaposachedwa. Satifiketi yanu ya 2011, ngakhale ili ya mapointi okongola, khomo limeneli singatsegule. Anthu amene ali ndi dipuloma kapena digiri komanso zaka pantchito amalembera yunivesite mwachindunji ikatulutsa chilengezo chake cha mature entry. Pulogalamu iliyonse ili ndi zofunika zake ndipo zimatha kusintha, choncho werengani chilengezo chenicheni cha chaka chimenecho. Uthenga wa pa WhatsApp wodutsa m'manja mwa anthu khumi musaudalire.

Chimene chimapweteka anthu osintha ntchito ndi ichi: ulemu umene muli nawo kuntchito sulowa m'malo mwa sayansi. Mukhoza kukhala wachiwiri kwa ahedi, kapena muli ndi digiri ya zowerengera ndalama, koma osankha akufuna kuona Chemistry. Wina amene ali kale clinical officer, namwino kapena wa mu labotale ali pafupi ndi khomo kuposa inu, ndipo zimenezo si tsankho.

Tili ndi mwayi umodzi kuno. KUHeS ili ndi kampasi pa boma pomwe pano, ndipo ophunzira udokotala amabwera kudzaphunzira zaumoyo wa m'madera ndi kugwira ntchito pa chipatala cha Mangochi. Kusankha sikuchitikira pano, koma pakati pa achinyamata amenewa mukhoza kupeza wamkulu mnzanu amene analowa atagwirapo ntchito ina. Ola limodzi locheza naye lidzakuuzani zambiri kuposa mwezi wathunthu wongoganiza nokha.

Ngati mukuyenera kulembanso MSCE

Apa ndi pamene nkhani ya nthawi yagona. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino, ndipo akachepa ndiye kuti mwakhoza kwambiri. Ofuna udokotala nkhondo yawo ili pa Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Kirediti ya 5 kapena 6 pa maphunziro amenewa imakwanira kukupatsani satifiketi yabwino, koma pa mpikisano uwu siyenda patali.

Amene munalemba kalekale munachita Physical Science ngati phunziro limodzi. Masiku ano analigawa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha, ndipo makope anu akale sakukwanira. Pezani silabasi yatsopano ndi mabuku ake musanalembetse chilichonse. Onaninso pa chilengezo ngati akulola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri, chifukwa zimenezo ndi zimene zikuuzeni ngati mulembe maphunziro atatu okha kapena onse asanu ndi limodzi mwatsopano. Wolemba atatu okha pamene khomo lake likufuna satifiketi yathunthu yatsopano wataya chaka.

Musalembetse mayeso chifukwa chakuti mtima watentha. Dziyeseni kaye. Tengani mapepala akale a MANEB, mulembe pa nthawi yake yeniyeni, foni itazimitsidwa, kenako mupatse mphunzitsi amene sakuopani kuti achonge. Ndikuti amene sakuopani chifukwa mnzanu wa pa sukulu pomwepo, kapena mwana amene munamuphunzitsa, adzakuwonjezerani malikisi mwaulemu. Ngati pa mapepala atatu otsatizana mukufika pa mlingo wa disitinkishoni, lembetsani. Ngati mukuzungulira pa kirediti ya pakati, mukufunika chaka chathunthu chowerenga, osati miyezi itatu.

Sayansi ili ndi mapulakitiko. Posankha sukulu ya open yokalembera, funsani ngati ili ndi labotale yogwira ntchito, ndipo mupite mukaone nokha. Munthu akhoza kuloweza buku lonse koma n'kunjenjemera tsiku la mayeso chifukwa sanagwirepo botolo la asidi. Ngati kwanu kulibe, konzani zoti Loweruka lina lililonse muzipita kumene ilipo, ndipo ndalama ya thiransipoti muiwerengere limodzi ndi ya mayeso.

Za nthawi yowerenga, munthu wa pantchito maola ake abwino ndi a mbandakucha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kuno sikulola mutu kugwira kanthu masana, ndipo madzulo mumakhala mutatopa, ana akufunanso gawo lawo. Maola awiri tsiku lililonse dzuwa lisanatuluke, ndi nyali ya sola pambali poopa kuzima kwa magetsi, amaposa usiku umodzi wa pa sabata wochezera mpaka tambala.

Tsopano werengani miyezi. Mayeso a MSCE amalembedwa pakati pa chaka, zotsatira zimatuluka patapita miyezi, ndipo kulembetsa kumatsekedwa kale mayesowo asanayandikire. Ngati akukanani chaka chino ndipo mukufunika magiredi atsopano, kawirikawiri ndiye kuti chilengezo chimodzi chikudutsani muli chete. Chisiyeni chidutse. Anzanu adzakufunsani kuti "bwanji simunatumize, mwagwa ulesi?" Ayankheni kuti mukukonza, basi.

Werengani zaka mosadzinyengerera

Wolowa ndi MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, kenako zaka zisanu za digiri ya MBBS. Akamaliza pali miyezi 18 ya internship, kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, bungwe la Medical Council of Malawi lisanamulembe kukhala dokotala woima payekha. Zonse pamodzi ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka, ngati simubwereza kalasi.

Tiyerekeze kuti muli ndi zaka 32. Mukadikira chaka chimodzi, n'kutumiza chaka chotsatira, n'kulowa muli ndi 34, mudzamaliza sukulu muli ndi 40, internship muli ndi 41 kapena 42. M'boma anthu amapuma pa zaka 60. Zikutsalirani zaka pafupifupi 18 mukugwira udokotala, ndipo zimenezo si zochepa. Choncho mantha akuti "ndikukalamba, nditumize msanga" asakukankheni. Chaka chimodzi chokonzekera ndi chotsika mtengo kuposa kukanidwa katatu, komanso kuposa kulowa ndi sayansi yofooka n'kudzachotsedwa sukulu chaka choyamba ntchito mutasiya kale. Koma ngati muli ndi zaka 45, masamu omwewa akupatsani yankho lina, ndipo muwamvere.

Ndalama

Matumba ndi awiri, ndipo ambiri amangoona limodzi. Loyamba ndi la fizi, malo ogona, chakudya, mabuku ndi laputopu. Lachiwiri, lomwe ndi lalikulu, ndi la pakhomo pamene malipiro anu aima: lendi, ufa, fizi ya ana, feteleza wa kumudzi, matenda ndi maliro. Lembani zimene pakhomo panu pamadya pa mwezi, muchulukitse ndi 12, kenako ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Nambala imene ituluke ikuopsani, koma ndi bwino ikuopseni muli pano kusiyana ndi kudzakuopsani muli chaka chachitatu ku Blantyre.

Bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, lilipo kuyambira 2015, koma ngongole yake ndi yothandiza wophunzira, si yodyetsa banja. Funsani msanga ngati olowa pa khomo lanulo amaloledwa kupempha. Musawerengerenso ganyu. Udokotala suphunziridwa Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mukafika zaka za m'mawodi mumagona kuchipatala masiku ena.

Ndalama yongosunga m'buku la kubanki ya zaka zisanu ndi chimodzi imasungunuka. Tonse tinaona mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. N'chifukwa chake ndimati chaka chodikiracho chigwire ntchito ziwiri: kuwerenga, ndi kuimika chinthu chimene chizibweretsa kangachepe mwezi ndi mwezi inu kulibe. Kanyumba ka lendi n'kodalirika kuposa njinga yamoto ya kabaza kapena geni ya usipa, chifukwa ziwirizi zimafuna diso la mwini, ndipo kuchoka ku Blantyre kufika kuno ndi makilomita pafupifupi 190, si ulendo wa madzulo aliwonse. Ngati geniyo aziyendetsa ndi akunyumba kwanu, ayambe panopa inu mukadalipo, muone ngati ikuima.

Ngongole zodula pa malipiro, za banki m'khonde, makamaka za katapila, zithe musanatumize fomu. Ngati sizingathe chaka chino, ndiye kuti chaka chino si chanu.

Kuntchito musalembe kalata yosiya musanagwire kalata yokutengani m'manja. Funsani mwakachetechete ku ofesi yoona za antchito za tchuthi cha maphunziro. Tchuthi cholipidwa kawirikawiri chimaperekedwa pa maphunziro ogwirizana ndi ntchito imene mukugwira, ndiye wa zaumoyo ali ndi poyambira kuposa mphunzitsi kapena kalaliki. Ngati anakulipirirani sukulu kale n'kusainira kuti mugwira zaka zakutizakuti, onani kuti zitha liti. Tsiku limenelo likhoza kukhala ndilo yankho la funso lonse.

A pakhomo anene zakukhosi

Ulendo woyamba ambiri amatumiza fomu mwakabisira, poganiza kuti adzanena zikatheka. Wachiwiri musatero. Khalani pansi ndi amayi kapena abambo akunyumba, muwaonetse nambala ija, muwauze kuti kwa zaka zambiri akhala akusenza okha. "Chabwino, pitani" wonenedwa mwamanyazi si chilolezo. Bwererani ku nkhaniyo patapita sabata, ndipo mumve ngati yankho likadali lomwelo.

Kwathu kuno munthu wa pantchito sadyetsa nyumba imodzi. Amalume ayenera kumva kuchokera pakamwa panu: "Malume, ndikapita kusukulu sinditha kumatumiza ya feteleza. Nanga fizi ya ana a achemwali aisenze ndani?" Ngati pali achimwene amene ali ku Joni ndipo alonjeza kuthandiza, thokozani, koma musamange bajeti yonse pa lonjezo limenelo, chifukwa ntchito za kumeneko zimatha mosachenjeza. Amayi amene muli ndi khanda kapena mukuyembekezera, kudikira kuti mwana asiye kuyamwa ndi chifukwa chokwanira chodumphira chaka, ndipo palibe amene ayenera kukuchititsani manyazi nazo. Walira mvula walira matope, koma matope awa apondedwa ndi anthu ambiri osati inu nokha, choncho afunseni.

Dzifunseninso ngati mukuufunadi

Kukanidwa kumapereka mpata wofunsa funso limene poyamba munalithawa: mukupita ku udokotala, kapena mukungothawa ntchito imene yakukwanani? Wotopa ndi bwana wake mankhwala ake ndi kusamutsidwa, osati zaka zisanu ndi chimodzi za sukulu. Pemphani chilolezo kwa akuluakulu a chipatala chapafupi, kaya pa boma, ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Mulibwanji, kuti muzithandiza mongodzipereka pa zimene angakuloleni. Muone mzere wa odwala malungo nyengo ya mvula, ana a likodzo ochokera m'mbali mwa nyanja, ovulala pa njinga zamoto usiku. Amene anagwira ntchito nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'boma lathu lino, afunseni mmene ankagonera. Ena akaona zimenezi mtima umalimba, ena umabwerera, ndipo onsewo apindula. Ngati chilengezo chikufuna kalata yokuchitirani umboni, wolemba wake mwamupezanso pomwepo.

Ikani malire

Lembani papepala, akunyumba akuona, kuti muyesa kangati ndipo mudzaleka chaka chiti. Ine ndimati kawiri mutakonzadi mapepala. Kachitatu kakhalepo pokhapokha pali chatsopano chachikulu, monga dipuloma ya zaumoyo imene mwamaliza. Popanda malire munthu amakana kukwezedwa, amaimitsa kumanga nyumba, amakhala ngati mlendo pantchito yake kwa zaka zisanu.

Pa fomu yachiwiriyo musaike udokotala wokha ngati akulola kusankha zingapo. KUHeS imaphunzitsanso za mankhwala, za mano, za labotale, physiotherapy, unamwino ndi uzamba. Malawi College of Health Sciences, yomwe ili ndi makampasi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, komanso makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Malamulo ku Thyolo, amaphunzitsa dipuloma ya zaka zitatu ya clinical officer. Wina angaione ngati njira yotsika, koma m'zipatala za m'maboma anthu amenewa ndi amene amaona odwala ambiri, mpaka kuchita opaleshoni ya amayi ovutika pobereka. Kwa munthu wa zaka 38 wa ana atatu, ndingamuuze kuti ayambe wayang'ana kumeneko asanataye chaka china.

Za sukulu za kunja, musanalipire ngakhale tambala imodzi funsani a Medical Council of Malawi ngati digiri ya sukuluyo amaivomereza, ndipo yankho likhale lolembedwa. Chenjerani ndi anthu a pa Facebook olonjeza malo ndi sikolashipu mukangotumiza ya fomu pa foni.

Chilengezo chikatuluka

Ngati magiredi asintha, ngongole zatha, ndipo pakhomo agwirizana nazo, musachedwenso. Makope onse akhale odindidwa kale. Ngati satifiketi inatayika kapena inadyedwa ndi chiswe, kalata yotsimikizira zotsatira imachokera ku MANEB ku Zomba ndipo siyituluka tsiku limodzi, choncho muiyendere miyezi isanathe. Chimodzimodzi kalata ya magiredi ya ku koleji yanu yakale. Lipirani ku akaunti yokhayo imene yalembedwa pa chilengezo, risiti muijambule ndi foni, ndipo musapatse munthu aliyense ndalama yoti "akukankhireni". Tumizani patatsala sabata yathunthu tsiku lotseka lisanafike, chifukwa intaneti imakonda kuvuta tsiku lomaliza pamene aliyense akulimbirana. Pa fomu lembani nambala ya foni ndi imelo zimene mumatsegula tsiku lililonse, ndipo ngati mumakhala kumene netiweki imavuta, onjezani nambala ya wachibale wa pa boma amene angakufikitsireni uthenga tsiku lomwelo.